Nyale ya Nsomba ndi Mbale Zodontha

Masabata asanu ndi limodzi anali atatha Judith asanaponde kunja kwa geti la kwawo ku Chelstone, kupatula Loweruka popita kutchalitchi, ndipo ngakhale pamenepo ankayenda pakati, atate ake kutsogolo, azakhali ake kumbuyo. Mlandu wake? Anamuona mu Cairo Road akudya chimanga chootcha ndi mnyamata. Chimanga chimodzi, pakamwa pawiri, basi! Amene anaona anali Meshack, mwana wa mkulu wa mpingo wa ku Woodlands, woimba besi m'kwaya, yemwe anali atayamba kale kumuyang'ana Judith ngati katundu wake. Nkhope ya mnyamatayo sanaione, anangoona msana akudutsa pa galimoto ya atate ake, koma nkhaniyo anakaitula kwa Ba Nicodemus Musonda itanenepa. Sukulu ya taipi inathera pomwepo. Ndipo Ba Nicodemus, poona kuti mwana wamkazi wayamba kudya chimanga mumsewu, anatumiza mawu kwa makolo a Meshack kuti ngati ali ndi cholinga abwere nacho msanga.

Chimene mkuluyo sankadziwa n'chakuti mwini msana uja ankalowa m'nyumba mwawo Lachitatu lililonse akaweruka, iwo eni akumutsegulira chitseko.

Zinayamba ndi nsomba. M'chipinda chochezera munali thanki yagalasi yotalika ngati mkono, imene bwana wawo wachizungu anawasiyira pobwerera kwawo. M'menemo munali tinsomba khumi ta michira yofiira ndi zomera za m'madzi. Ba Nicodemus ankainyadira thankiyo kuposa wailesi, kuposa sofa, poti m'Chelstone monse munalibe wina woweta nsomba zosadya. Koma nyale ya pachivundikiro chake inapsa, ndipo chaka cha 1986 chimenecho m'masitolo munali mashelefu okhaokha. Sopo kulibe, mafuta ophikira n'pamzere, nanga nyale ya nsomba ndiye akanaipeza ndani? Zomera zinayamba kuyezuka. Judith ndiye ananong'oneza azakhali ake, Ba Lena, kuti ku Cha Cha Cha Road kuli shopu ya zamagetsi imene ili ndi mnyamata wodziwa ntchito. Mnyamatayo anali Kampamba wa ku Kabwata, mwini msana.

* * *

Lachitatu ilo Kampamba anapeza thanki ili psuu, tinsomba titabisala kuseri kwa mwala. Pa sofa panali Meshack, mwendo pamwamba pa unzake, makiyi a galimoto akuzungulira pachala.

"Shani, ba tata," Kampamba anapereka moni atagwira chipewa. "Manje iyi babu yofiila yachoka kuti?"

"Nabweletsa ndine," anayankha Meshack Ba Nicodemus asanatsegule pakamwa. "Yachoka ku Kabulonga kwa ba yama, amalume anga. Si ya pa msika iyi."

Kampamba anaviika chala m'madzi. Judith, amene anali ataima pakhomo la kukhitchini ndi ndowa, anaona kuti mnyamatayo akulimbana ndi chiseko.

"Niyabwino, mukwai, pa phwando. Koma penti iyi imabisa kuwala, chimene chifika pa madzi ni moto chabe. Gwilani muone. Masiku atatu, nsomba izi muzazidya zophika."

Meshack sanagwire. Makiyi analeka kuzungulira.

Ba Nicodemus anausa moyo. "Mwana wanga, tavutika. Unaika babu ikulu, madzi anafunda. Unaika ing'ono, zomela zinatalika monga zodwala, zoyezuka. Tinasendeza pa windo, madzi anabiliwila monga msuzi wa chibwabwa. Manje chifunika n'chani?"

"Chubu, ba tata. Choyela, chifupi, cholingana na thanki, osati chija chitali cha mu ofesi. Chubu sichitentha, ndipo kuwala kwake kufika mbali zonse mpaka pansi. Tizachikweza pang'ono kuti chinyontho chisalowe mu waya. Muziyatsa maola eyiti pa tsiku, osapitilila, chifukwa kuwala kukachuluka ndele ndiyo imadya, zomela zimatsalila. Natuma mnzanga ku Kitwe, wapeza chimodzi."

Judith anayang'ana m'ndowa yake. Iye ankadziwa bwino lomwe chifukwa chimene madzi anabiriwira sabata ija. Atate ake akangopita kuntchito, azakhali n'kugona tulo ta masana, iye ankakankha katani kuti dzuwa lonse la Chelstone ligwere m'thanki, nyale nayo ili chiyakire. Ankawamvera chisoni tinsombato, Mulungu ndi mboni, koma akanatani? Tsiku limene nyaleyo idzakhale bwino ndi tsiku limene Kampamba adzasowe chobwerera.

"Chifike Sande m'mawa," anatero Ba Nicodemus. "Na zomela zatsopano ngati ungapeze. Nifuna nyumba ioneke bwino. Kubwela alendo na mbale."

Sikuludalaiva inapulumuka m'manja mwa Kampamba n'kugwera m'madzi, thibu! Meshack anamuyang'ana, kenaka anayang'ana Judith, n'kubwereranso kwa Kampamba, ulendo uno akumuyang'anitsitsa kumsana.

"Ba malaiti," anatero pang'onopang'ono, "mu Cairo Road mumapitamo?"

"Lusaka yonse imapitamo, mukwai," anayankha Kampamba osatembenuka.

* * *

Mpata umene anaupeza unali wa mphindi ziwiri zokha, Ba Nicodemus ataperekeza Meshack kugalimoto, Ba Lena ali kuseri kukaanula zovala. Judith anabwera ndi ndowa n'kuyamba kuthira madzi m'thanki pang'onopang'ono ngati munthu wosamala kwambiri.

"Wamva?" ananong'ona.

"Namva."

"Ndiye uzachita chani?"

"Nalemba kalata ziwili ku Mansa. Ba yama sanayankhe. Judith, ine siningazilankhulile nekha, uziba mwambo. Mwamuna sabwela na mbale zake m'manja monga ogulitsa vitumbuwa. Afunika shibukombe, munthu mukulu omuimilila. Nikabwela nekha ba tata ako azaniseka, ndipo banja langa lizanikana."

"Mwambo, mwambo! Sande mwambo uzanipeleka ku Woodlands, iwe uli kuyembekezela positi."

"Nipatse mwezi umodzi."

"Nilibe mwezi. Nili na masiku anayi."

Kampamba anatsegula pakamwa, koma geti linalira. Anawerama msanga n'kuyamba kumanga waya amene anali womanga kale. Judith anabwerera kukhitchini ndowa ikugunda mwendo. Ankamukonda mnyamatayu mpaka kumva kuwawa, koma tsiku limenelo anamukwiyira zedi, chifukwa munthu wodziwa kuyeza kuwala kwa nsomba ankalephera kuona kuti mnzake akumira.

* * *

Lachisanu masana, dzuwa lisanalowe kuti Sabata iyambe, Ba Lena anamukhazika pamphasa kuchipinda. Mayi ake a Judith anamwalira iye ali ndi zaka khumi, ndiye zonse za chikazi zinali m'manja mwa azakhaliwa, mayi wamfupi wa mawu aakulu amene Lusaka anakhalamo zaka makumi awiri koma mtima unatsala ku Kasama.

"Umvetsetse, nisakachite manyazi," anatero. "Shibukombe azabwela na mbale ziwili, ina yovundikila inzake, zomanga mu nsalu. Ndiyo insalamu. Sazakamba vambili. Azaika pansi. Ise tizakuitana, uzagwada. Ba tata ako azakufunsa ngati umuziba mwini mbale. Uzayankha kuti ee mukwai, nimuziba. Ndiye uzamasula nsalu, uvundukule, upeleke kuli ba tata ako na manja awili."

"Nanga nikakamba kuti sinimuziba, ba mayosenge?"

Ba Lena anamuyang'ana ngati wamva fungo.

"Ba tata ako anaitana anthu aja okha na pakamwa pawo. Ufuna akayende bwanji ku mpingo pa Sabata? Ukavundukula, yatha. Ba tata ako akalandila, yathelatu. Mbale yolandilidwa sibwelela pa geti."

Loweruka lonse Judith anakhala m'tchalitchi akumva besi ya Meshack ikugunda m'makoma, azimayi akumumwetulira ngati akudziwa kale. Pobwerera anayang'ana msewu wopita kutauni, minibasi zikudutsa zodzaza, ndipo anawerenga masitepe ochoka pamene anali kufika pa siteji. Anali makumi atatu okha. Koma akanakwera kupita kwa yani? Kwa mnyamata wogona chipinda chimodzi ndi anzake awiri ku Kabwata, amene akudikira kalata?

* * *

Lamulungu nyumba inadzuka molawirira. Pansi anapaka polishi wofiira mpaka munthu kudziona. Ba Nicodemus anavala suti yawo ya imvi, naitana anansi awiri, akulu a mpingo, kuti adzakhale mboni. Alendo ananena kuti afika cha m'ma teni. Thanki inali pakona ili mbuu, yopanda nyale, ndipo mkuluyo ankangoyang'ana wotchi n'kumadandaula kuti wamagetsi wawagwiritsa fuwa la moto.

Itangopitirira hafu naini, kugeti kunamveka "Odi!"

Judith anasuzumira pa katani wa kuchipinda. Panali bambo wachikulire, wa jekete yakuda ndi tayi, nsapato zopukuta bwino. M'manja ananyamula mosamala mbale ziwiri zovundikirana, zomanga m'nsalu yoyera.

"Afika! Afulumila!" Ba Lena anathamanga akukonza duku.

Koma Judith anamudziwa bamboyo. Anali Ba Abson, wokulunga mawaya a mamota kushopu kwa Kampamba, Mnsenga wa ku Petauke amene Lamulungu lililonse ankavala tayi kupita ku Misa. Ankamuona masiku aja akamadikira Kampamba pakhomo la shopu. Nanga mbalezo? Anayang'anitsitsa. Pansi pa nsaluyo panali ponyowa, ndipo dontho linagwa pa sitepe.

Zomera! Kampamba anaziika m'mbale kuti zisaume panjira.

Ba Nicodemus anali asanamuonepo shibukombe wa kwa Meshack. Anangoona tayi, imvi ndi mbale, basi mtima unakhazikika. Anamulowetsa mlendoyo ndi ulemu wonse, namupatsa mpando wabwino koposa. Ba Abson anadabwa pang'ono ndi ulemuwo, koma ndani amakana sofa? Anaika mbale patebulo, Ba Lena n'kuzitsitsira pamphasa mwamsanga.

"Mwatumiwa, mukwai?" anafunsa Ba Nicodemus mwamwambo.

"Natumiwa na mulumbwana wasu," anayankha Ba Abson m'Chinsenga chawo, kutanthauza mnyamata wawo. "Yeve akubwela pavuli. Wati nifulumile, vinthu ivi viliye kulinda."

Akulu a mpingo aja anagwedeza mitu, kukondwa ndi changu cha mnyamatayo.

"Watinso mwana wanu musikana ndiye aziba kasungidwe kake. Wati m'manja mwa ena vingafe."

"Eya!" anatero Ba Lena, misozi ili m'maso. "Mwamva mawu? Judith! Bwela kuno!"

Judith anatuluka. Anagwada pamphasa. Fungo la matope a kudambo linamufika m'mphuno, ndipo anadabwa kuti enawo sakulimva. Ba Abson anamumwetulira, osadziwa n'komwe kuti akhala pampando wa shibukombe. Mawu amodzi okha akanakonza zonse. Akanangoti, ba tata, awa ni a ku shopu ya malaiti. Anthu akanaseka, mbale zikanapita kukhitchini, ndipo pakutha kwa theka la ola akanagwadanso pamphasa yomweyi.

"Mwana wanga," anatero Ba Nicodemus, mawu ali odzala ndi chimwemwe, "mwini wa mbale izi umuziba?"

Bodza Judith sananene, ndipo pambuyo pake ankadzitonthoza ndi zimenezo.

"Ee mukwai. Nimuziba."

"Umufuna?"

"Nimufuna, ba tata. Uyu yekha."

Anamasula mfundo ya nsalu. Zala zinkaterera. Anatukula mbale yapamwamba pang'ono chabe, monga mwa ulemu, n'kuibwezera, kenaka ananyamula zonse ndi manja awiri kupereka kwa atate ake. Ba Nicodemus analandira. Ba Lena anaimba nthungululu yoti inamveka mpaka kumsika wa Chelstone, akulu aja akuomba m'manja.

Madzi ozizira anadonthera pa thalauza ya suti ya imvi.

Ba Nicodemus anayang'ana bondo lawo. Anavundukula. M'mbalemo munali mitolo itatu ya zomera za m'madzi, zobiriwira, mizu ili yoyera, ndi kankhono kamodzi kakuyenda m'mphepete.

Nthungululu inadukira pakati.

"Ivi ni vichani?"

"Ni vomela va nsomba," anayankha Ba Abson mosangalala. "Kampamba wavitenga ku dambo mailo. Yeve ali ku Intercity, alindila basi ya ku Kitwe yamene ili na chubu."

Mmodzi wa akulu aja anatsokomola n'kuyang'ana kudenga. Ba Nicodemus anatembenuka pang'onopang'ono kuyang'ana mwana wawo, ndipo Judith anaona m'maso mwawo masabata onse aja akubwerera limodzilimodzi: Lachitatu lililonse, ndowa ya madzi, nyale yosatheka kukonzeka.

"Chimanga chija," anatero motsitsa.

"Ee, ba tata."

"Mu nyumba yanga. Pa maso panga."

Judith sanadzuke pamphasa. Mantha anali nawo, koma pansi pa manthawo panali kupepuka kumene anali asanakumve chiyambire kutsekeredwa. "Mwalandila, ba tata," anatero. "Ba mayosenge ananiphunzitsa kuti mbale yolandilidwa sibwelela pa geti."

"Iwe mwana, usanilowetsemo!" anakuwa Ba Lena. "Yangu tata Lesa, nafa ine!"

* * *

Anafika pamodzi, ngati anachita kupangana. Galimoto ya kwa Meshack inaima pageti, n'kutsikamo bambo wonenepa wa magalasi, shibukombe weniweni, atanyamula mbale zake m'nsalu ya maluwa, azimayi awiri akumutsatira. Meshack anatsala pa chiwongolero monga mwa mwambo, koma khosi lili kunja kwa windo. Ndipo kumbuyo kwawo, wapansi, thukuta lili kamukamu, kunali Kampamba atakumbatira chubu chokulunga m'manyuzipepala.

"Tamva nthungululu tili pa kona," anatero wa magalasiyo akulowa, akumwetulira mokayika. "Kapena mwayamba popanda ise?"

Anaona mtsikana ali chogwada, nsalu yomasula pamphasa, mbale zili pamiyendo pa mwini nyumba, ndi mkulu wina wa tayi atakhala pa mpando umene unayenera kukhala wake. Kumwetulira kunatha.

Kampamba anaima pakhomo. Anayang'ana Ba Abson, anayang'ana mbale zake, anayang'ana Judith, ndipo nkhope yake inasintha pamene anamvetsa.

Ba Nicodemus anaimirira, mbale zili m'manja, madzi akudonthabe.

"Mnyamata, lowa. Ima apo. Mwana wanga wagwada pamaso pa akulu awa, wakamba kuti akuziba, akufuna, iwe wekha. Ine nalandila. Manje nifuna kumva pakamwa pako, ndipo uyankhe kamodzi. Mbale izi watumiza za nsomba, kapena za mwana wanga?"

Judith anakweza maso. Sanasamalenso za ulemu, anamuyang'ana Kampamba mwachindunji, pamaso pa anthu onse. Khomo linali lotseguka, iye anali atalikankha yekha ndi manja ake, chotsala chinali chakuti mnyamatayo angolowa. Anaona akuyang'ana shibukombe wa magalasi, nsapato zake zonyezimira, azimayi a zitenje zofanana, kenaka malaya ake omwe a thukuta ndi manja ake opanda mkulu aliyense kumbuyo.

"Ba tata," anatero Kampamba, mawu ali okwinyika, "ine siningananize mwambo. Ba yama sanayankhe. Mbale izi..." Anayang'ana pansi. "Ni za nsomba."

Ba Lena anatulutsa mpweya wonse umene anausunga. Wa magalasi uja anakonza tayi. Judith sanalire. Anangomva manyazi akumukwera kuchokera m'khosi mpaka kumakutu, manyazi a mtsikana amene wanena pagulu kuti ndikumufuna, mwiniwake n'kuyankha za nsomba.

"Chabwino," anatero Ba Nicodemus, namupatsira mbalezo pachifuwa. "Ika nyale yako, ubyale vomela vako. Ukatsiliza, geti uiziba. Lachitatu usabwele."

Kampamba anapita pakona. M'nyumba monse munkangomveka kulira kwa nyuzipepala akumasula chubu. Anachilowetsa, anabzala mitolo itatu ija, n'kukanikiza swichi. Chubu chinaphethira kawiri, kenaka chinayaka, kuwala koyera, kofatsa, kofika mpaka pamchenga. Tinsomba tinatuluka kuseri kwa mwala. Nyaleyo inali yoyenera ndithu, panalibenso choti wina adzakonze.

"Tikhululukileni, ba shibukombe, panali kusamvana pang'ono," anatero Ba Nicodemus. "Khalani. Ikani mbale zanu."

Nsalu ya maluwa inatera pamphasa, patsogolo pa maondo a Judith, pamalo ponyowa paja. Kampamba anali atatola zida zake, koma anaima pakhomo, dzanja lili pa chitseko, osatuluka, osalowa.

"Mwana wanga," anatero Ba Nicodemus, ndipo ulendo uno m'mawu mwawo munalibe chimwemwe, munali kupempha. "Nakufunsa kachiwili, ndipo sinizakufunsanso. Mwini wa mbale izi umuziba?"

Judith anayang'ana mfundo ya nsaluyo. Kenaka anatembenuzira mutu kukhomo.

"Ba Kampamba," anatero mokweza, kuti aliyense amve, "tsekani chitseko. Musankhe mbali imene muzaimilile, chifukwa yankho langa nizapeleka mukatseka."